Curt Flood, wosewera amene anakana kugulitsidwa

Nyengo ya baseball ikamayandikira ku America, nkhani imangokhala ya makontrakiti: uje wasaina kuti, ejenti wake wamupezera zingati. Mu Disembala 2024, Juan Soto anasaina kontrakiti ya zaka 15 ndi New York Mets, ya madola 765 miliyoni, kudzera mwa ejenti Scott Boras. Koma kodi mukudziwa kumene ufulu wosankha timuwu unachokera?

Kuyambira 1879, eni matimu anali ndi lamulo lomangirira wosewera kutimu yake ngakhale kontrakiti itatha. Akafuna, ankangomugulitsa basi, mwiniwake osafunsidwa.

Mu Okutobala 1969, St. Louis Cardinals inapereka Curt Flood ku Philadelphia Phillips posinthana osewera. Flood, yemwe anali atasewerera Cardinals zaka 12, anakanitsitsa. Analembera kalata mkulu wa baseball, Bowie Kuhn, kumuuza kuti iye si katundu wogulitsa. Mlandu unakafika kukhothi lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1972 anagonja, majaji 5 kwa 3. Apa n'kuti atasiya kale kusewera.

Koma bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Marvin Miller, silinagwe ulesi. Mu Disembala 1975, woweruza mikangano Peter Seitz anamasula Andy Messersmith ndi Dave McNally, poti anasewera m'nyengo ya chakacho osasaina kontrakiti yatsopano. Mu 1976 mbali ziwirizi zinagwirizana kuti wosewera akakwanitsa zaka 6 azisankha yekha kopita.

Flood anamwalira mu 1997, mamiliyoniwo osawalawa. Ndiye mukamamva za ndalama za Soto, muzikumbukirako dzina lake.