Maina Opatsidwa ndi Ena: Akafula a ku Chongoni ndi Aromani a ku Italy

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1 akafika pa Chimbiya amayamba kuona mapiri a Dedza atandandalika patsogolo pake. M'mapiri amenewa, m'dera la Chongoni, muli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa miyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zoyera adajambula ndi Achewa, koma zofiira, zimene zili zakale koposa, adasiya ndi anthu aafupi msinkhu amene ankadalira ulenje ndi zipatso za m'tchire.

Anthuwa amatchulidwa ndi maina atatu. Loti Akafula ambiri amati lidachokera ku mawu oti kufula, poti ankakumba pansi pofuna chakudya. Loti Abathwa ndi lofala kwambiri, pakuti limamvekanso ku Rwanda ndi m'madambo a Bangweulu ku Zambia. Lachitatu ndilo Amwandionerapati. Akuluakulu amasimba kuti mlenje wamfupiyo akakumana ndi munthu ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Woyankha kuti "Pafupi pomwepa" ankaputa muvi, koma wochenjera ankati, "Ndakuonerani kutali uko," napulumuka. Maina onsewa adatifika kudzera m'kamwa mwa alimi amene adawapeza m'dzikomo.

Zoterezi zidachitikanso ku Italy. M'chaka cha 1422 mumzinda wa Bologna mudafika gulu la alendo, mtsogoleri wao Andrea, amene ankati achokera ku Egypt. Mbiri yotere, imene idamveka m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndiyo idabala dzina loti gitani, limene Ataliyana adatengera ku Spain. Lofala koposa ndi zingari, limene akatswiri ambiri amati lidachokera ku mawu a Chigriki oti athinganoi, kutanthauza osakhudzidwa. Kale limeneli lidali dzina la kagulu kena ka chipembedzo ku Phrygia, ndipo lidangowamatirira alendowo. Chinenero chao chikusonyeza kuti makolo ao adachokera ku India, osati ku Egypt. Pang'onopang'ono mawu oti zingaro adasanduka chipongwe, monga momwe ena kuno amanyozera mnzao wamfupi pomutcha kafula.

Kusiyana kwake ndi kumeneku: Aromani adakalipo, ndipo pa msonkhano wao wa m'chaka cha 1971 pafupi ndi London adagwirizana kuti azitchedwa Roma. M'chinenero chao rom ndi mwamuna. Alenje a ku Chongoni sadapeze mwayi wotere. Mboni yao yotsala ndi zida zamiyala, monga zimene J. Desmond Clark adafukula ku Chencherere m'chaka cha 1972, ndi utoto wofiira uja. Choncho wosonkha moto m'phanga, kapena wolembamo dzina lake ndi makala, akufafaniza mawu otsiriza a eni dziko oyamba.