Kabokosi koyera kamene kanavuta mzinda wa New York zaka 6

Kabokosi koyera kopepuka kamene ogulitsa zakudya amalongedzamo tchipisi kapena mpunga kamaoneka kosalakwa. Komabe mumzinda wa New York, ku America, kanali pakamwa pa makhansala, maloya ndi oweruza milandu kuchokera mu 2013 mpaka 2019.

Anthu ambiri amakatchula kuti Styrofoam, ngakhale kuti dzinali linayambitsidwa ndi kampani ya Dow ndipo ndi la zipangizo zina zomangira nyumba. Kabokosika amapanga ndi pulasitiki ya polystyrene yofufumitsidwa, moti mbali yaikulu ndi mpweya wokhawokha. N'chifukwa chake n'kotsika mtengo ndipo chakudya sichizizira msanga. Vuto limayamba munthu akadya n'kukataya. Sikaola. Kamangonyenyeka tizidutswa timene timauluka ndi mphepo, kuyandama m'ngalande mpaka kukathera m'mimba mwa nsomba ndi mbalame.

New York sinali yoyamba kudandaula. Mzinda wa Berkeley ku California unakhazikitsa lamulo loletsa mabokosiwa mu 1988, Portland inatsatira, ndipo mu 1990 kampani ya McDonald's inalengeza kuti ikusiya kuikamo mabaga ake. Koma Berkeley ndi Portland inali mizinda yaing'ono poyerekeza ndi New York wa anthu oposa 8 miliyoni.

Meya Michael Bloomberg ndiye anayambitsa nkhani yoletsa mabokosiwa ku New York mu February 2013. Pofika December khonsolo inavomereza lamulo, koma linali ndi kakhomo kotulukira: ngati zitapezeka kuti mabokosi ogwiritsidwa kale ntchito angathe kusonkhanitsidwa n'kupangidwanso zinthu zina popanda kuluza ndalama, chiletso sichidzakhalapo. Mkangano wonse wa zaka zotsatira unagona pa funso limeneli. Kampani yopanga makapu ndi mabokosiwa ya Dart Container, ya ku Michigan, inalonjeza kulipira makina osankhira zinyalala ndiponso kumagula mabokosi otayidwawo. Nthambi yoona za ukhondo mumzindawo, motsogozedwa ndi Kathryn Garcia, inakana. Inati bokosi lonona mafuta ndi msuzi, lophwanyika m'galimoto ya zinyalala, palibe amene angalifune pamsika. Apa mayiyu ankanena zoona, chifukwa malonjezo a kampani imodzi ali ndi malire, pamene zinyalala zimabwera tsiku ndi tsiku.

Mu January 2015 meya watsopano, Bill de Blasio, analengeza kuti chiletso chiyamba pa 1 July. Makampani ndi gulu la eni malesitilanti anathamangira kukhoti, ndipo mu September woweruza Margaret Chan anachichotsa, ponena kuti mzindawo sunaunike bwino umboni wa makampaniwo. Mabokosi anapitiriza kugwiritsidwa ntchito.

Owerenga a ku Malawi nkhani yotere akuidziwa. M'chaka chomwecho cha 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60, makampani anakaimitsa lamuloli kukhoti, ndipo panatenga mpaka July 2019 kuti khoti lalikulu la apilo ligamule mokomera boma.

Ku New York, Garcia sanagwe mphwayi. Anafufuzanso, kuphatikizapo zimene zinachitika m'mizinda ina imene inayesapo kusonkhanitsa mabokosiwa, ndipo mu 2017 anatulutsa chigamulo chofanana ndi choyamba chija. Makampani anasumanso, koma mu June 2018 khoti linakana dandaulo lawo.

Chiletso chinayamba pa 1 January 2019, ndipo amalonda anapatsidwa miyezi 6 yoti amalize katundu wakale ndi kupeza zina zoikamo chakudya. Kuyambira July, wopezeka koyamba ankalipira chindapusa cha madola 250, kachiwiri 500, kachitatu 1,000. Makapu, mbale, mathileyi ndi timibulu toyera totetezera katundu m'makatoni zonse zinaletsedwa. Malonda ang'onoang'ono opeza ndalama zosafika madola 500,000 pachaka analoledwa kupempha kuti awaganizire, ngati zoikamo zina zikuwakwerera mtengo kwambiri.

Boma la chigawo chonse cha New York linatsatira ndi chiletso chake pa 1 January 2022. Ngakhale zili choncho, wolowa m'sitolo ku Brooklyn kapena ku Queens angathe kupezabe nyama yaiwisi ndi nsomba zili pathileyi yoyera yomwe ija, pakuti lamulo linazisiya dala.