Anapha Ndani? Mbiri ya Mabuku a Ofufuza Milandu ndi Midzi ya ku Chipata

Pali mtundu wina wa mabuku umene munthu amawerenga usiku, nyali iri pafupi kutha mafuta, osafuna kugona kufikira ataona tsamba lomariza. Nkhani yace imayenda motere. M'mudzi waung'ono, m'mene anthu onse adziwana maina ndi makhalidwe omwe, munthu mmodzi apezeka atafa, ndipo imfa yace ikayikitsa. Apolisi afika, nagwira munthu wosacimwa. Pamenepo nkhalamba yina, kapena mlendo wofatsa, ayamba kufunsa mafunso ang'onoang'ono: citseko cinatsekedwa nthawi yanji, anathira tiyi ndani, galu analekeranji kuuwa. Mwazi suoneka kwambiri, ndeu ndi mfuti nzocepa, pakuti kukoma kwa bukulo kuli m'kulingalira. Angerezi amawacha mabuku amenewa ndi liu lonena za kufunda kwa munthu wokhala pamoto.

Kwa mwamuna wa ku Chipata wogwira nchito ku Nkana, ku Mufulira kapena ku Luanshya, nkhani zotere zingaoneke ngati za Azungu okhaokha. Koma funso limene liri pakati pace, lakuti anapha ndani, Acewa ndi Angoni analifunsa pa maliro kalekale, buku lisanafike m'dziko lao.

Mabukuwa anayamba m'mizinda. M'caka ca 1841 Edgar Allan Poe, wa ku America, analemba za munthu wa ku Paris amene anatulukira wakupha mwa kuyang'anitsitsa zizindikiro zotsala m'cipinda. M'caka ca 1887 dotolo wina, Arthur Conan Doyle, anaturutsa Sherlock Holmes wa ku London. Koma wochuka pakati pa amene anacotsa nkhanizi m'miseu ya mzinda naziika m'nyumba ya banja ndiye mai Agatha Christie, wobadwa mu 1890. Pa nkhondo ya 1914 maiyu anagwira nchito m'cipinda ca mankhwala pa cipatala ca kwao ku Torquay, naphunzira kumeneko mphamvu ya mankhwala akupha. Buku lace loyamba, The Mysterious Affair at Styles, la 1920, linena za mai wacuma wophedwa ndi mankhwala m'nyumba yace, ndipo oganiziridwa ndiwo a m'nyumba momwemo. Mu 1930 anaturutsa buku loyamba la Miss Marple, nkhalamba yosakwatiwa ya m'mudzi wa St Mary Mead, yokonda kuluka ndi kumvetsera zokamba anzace. Nzeru ya Miss Marple ndi imodzi yokha: aliyense amene akomana naye amamfanizira ndi wina wa m'mudzi mwace amene anacitapo zotero. Palibe mudzi wa kwa Mpezeni kapena wa kwa Kawaza umene ulibe agogo otere.

Christie anafikako ku Africa. Mu 1922 anayenda ku South Africa ndi ku Rhodesia, naona mathithi a Victoria Falls, pa nthawi imene Azungu ogwira nchito m'migodi ya golidi ya Johannesburg anakana nchito namenyana ndi asilikali a Boma. Zimenezi anaziika m'buku la 1924, The Man in the Brown Suit. Kunena zoona, munthu wakuda m'bukumo ali ngati mtengo wa m'mbali mwa njira; aoneka, koma safunsidwa kanthu. Cimeneci ndi cilema ca mabuku ambiri a nthawi ija, ndipo wowerenga wa kuno sangalephere kuciona.

Tsono kuwerenga kunafika bwanji ku Chipata? Kunafika pambuyo pa mfuti. M'January 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo mwezi wotsatira anaombera Nsingo, mwana wa mfumu, pamaso pa anthu ace. Mlandu wa Nsingo sunafufuzidwe monga afufuzira m'mabuku. Boma linamangidwa nilichedwa Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndipo dzina la Chipata linabwera pambuyo pa ufulu wa 1964. Mu 1899 a mpingo wa Dutch Reformed anayamba nchito pa Magwero, pambuyo pace pa Madzimoyo, ndipo masukulu anafalikira m'midzi. Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa mu 1922. Nthondo wa Samuel Ntara anaturuka mu 1933. Mabuku a ofufuza milandu anali m'Cingerezi, kotero kuti oyamba kuwalawa anali odziwa cinenero cimeneco, monga aphunzitsi ndi akalaliki. Cinathandiza ndi mtengo: kuyambira 1935 a Penguin anagulitsa ku England mabuku a cikuto cofewa pa sikisipensi limodzi, a milandu nawapatsa cikuto cobiriwira, ndipo la Christie lija la 1920 linali pakati pa khumi oyamba. Buku lotere limalowa m'thumba la jekete, nilipita m'manja ambiri kufikira masamba ace atathothoka.

Apa ndipo pali fundo yeniyeni ya mbiri iyi. Olemba mabukuwa anadziikira malamulo, ndipo mu 1929 wansembe wa Katolika, Ronald Knox, anasindikiza malamulo khumi. Lina likuti wakupha akhale munthu wochulidwa kale koyambirira kwa nkhani. Lina likuti wofufuza asabise cizindikiro ciri conse kwa wowerenga. Lina likuti mizimu ndi matsenga zisalowemo konse. Motero bukulo lifanana ndi ndagi, zimene ena amati zirapi, zoponyerana ana madzulo: yankho liri m'mau omwewo, ndipo wolephera adziseka yekha pakulimva.

Pambuyo pace, katswiri wa za miyambo, Max Marwick, anakhala pakati pa Acewa a dera la Fort Jameson mu 1946 ndi 1947, nabweranso mu 1952 ndi 1953. Analemba imfa ndi matsoka zimene anthu anamuuza, nafunsa amene anaganiziridwa pa ciri conse. Zimene anapeza, zosindikizidwa mu 1965, zikadamkondweretsa Christie. Imfa zambiri anthu anati nza ufiti, ndipo wolozedwa cala kawirikawiri sanali mlendo wa kutali, koma mbale wa kucikazi, wa bele limodzi ndi womwalirayo. Zoyambanitsa zinali ng'ombe, cuma ca masiye ndi unyakwawa. Acewa eni ace anampatsa cifukwa cace: anthu osakhala pacibale akayambana amapita kubwalo, mlandu nutha, koma abale amaopa kuturutsirana mau kubwalo, ndipo mau osanenedwawo amaola m'mtima. St Mary Mead ali comweco. Wakupha m'mabukuwa amadya pa gome limodzi ndi wophedwa, ndipo cifukwa cace ndi colowa, nsanje, kapena cinsinsi ca m'banja.

Funso ndi limodzi, oganiziridwa ndi amodzimodzi; cosiyana ndi njira yopezera yankho. Kale mudzi unaombeza ula, kapena kumwetsa mwabvi: wosanza ndiye wosacimwa, wakufa ndiye mfiti. M'mabuku a Christie mankhwala akupha ndiwo mlandu, koma pa mwabvi mankhwala akupha ndiwo anali woweruza. Boma la Northern Rhodesia linaletsa mwabvi ndi kuchula munthu mfiti mwa lamulo la 1914, koma silinacotse njala ya anthu yofuna kudziwa cimene cinadya mbale wao. Cifukwa cace mu 1933 ndi 1934 anyamata a mcape, ocokera ku Nyasaland, anayenda m'midzi ndi kalirole ndi mabotolo a mankhwala, nati aona mfiti m'galasimo. Mu 1947 anthu ambiri a dera la Fort Jameson anayenda ulendo wautali kunka kwa Bwanali ku Nyasaland pa cifukwa comweco. Ngakhale m'matauni sizinathe. Pofika 1953, pamene anthu anali ndi mantha ndi Federation, mbiri inamveka ku Lusaka ndi kumigodi yakuti pali banyama, ogwira anthu ndi kuwacotsa mwazi, ndipo ngakhale oulutsa mau pa wailesi ya ku Lusaka anaganiziridwa. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, anasimba zimenezi m'buku lace Wayaleshi la 1959. Pa zonsezi panalibe wofunsa kuti, munamuona ndi maso anu kodi, tsiku liti, ndipo anali ndi yani?

Si kuti makolo sanadziwe kufufuza. Pabwalo la mfumu, pa mlandu wa mbuzi yobedwa kapena wa cigololo, akulu anali kufunsa mboni mmodzimmodzi, kulondola mapazi, ndi kugwira wabodza ndi mau ace omwe. Koma pa imfa luso limenelo analiika pambali, pakuti mfiti iyenda usiku ndipo siisiya mapazi. Wowerenga buku la Miss Marple amaona luso la kubwalo lija likugwira nchito pa maliro, ndipo m'menemo muli mbali yaikuru ya kukoma kwace. Amene onse anamloza cala pa tsamba loyamba ndiye amamasulidwa pa tsamba lomariza.

Olemba a mu Africa anaona msanga kuti cida cimeneci cingawagwirire nchito. Bungwe la Boma losindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland, loyamba mu 1948, linalimbikitsa nkhani za m'zinenero za kuno, ndipo Stephen Mpashi analemba m'Cibemba Uwakwensha Ubushiku, nkhani ya kufufuza mlandu. Ku Zanzibar, Muhammed Said Abdulla anapambana mpikisano wa olemba ndi buku la Ciswahili, Mzimu wa Watu wa Kale, losindikizidwa mu 1960. M'bukumo mtembo upezeka pa malo a mizimu ya makolo, pamene munthu aliyense akadati mizimu yakwiya; koma Bwana Msa, wosuta kaliwo monga Holmes, ayang'ana pansi nawerenga zizindikiro, napeza kuti ndi dzanja la munthu. Dzina la mwini dzanjalo silichulidwa pano, pakuti woulula mathero a buku lotere ali ngati munthu wodyera mnzace ndiwo.

Buku limene lingamfike pamtima munthu wa kumgodi linadza mocedwa. Mu 1998 Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo mu 1948, anaturutsa The No. 1 Ladies' Detective Agency, nkhani ya Precious Ramotswe wa ku Botswana. Atate ace, Obed, anagwira nchito zaka zambiri m'migodi ya South Africa, nabwera kwao ndi pfumbi m'cifuwa, limene linawapha pang'onopang'ono. Ndalama zao anagulira ng'ombe, ndipo mwana wao anagulitsa ng'ombezo natsegula ofesi ya kufufuza milandu ku Gaborone. Milandu yace yambiri njaing'ono: mwamuna wosowa panyumba, munthu wonama kuti ndi atate wa wina kuti adye zaulere. Koma umodzi ngwa mwana wa mphunzitsi amene anasowa, anthu nanong'onezana kuti watengedwa kukapangira mankhwala, ndipo onse anaopa kuuchula poyera. Mai Ramotswe anayamba ndi kafupa kopezeka m'galimoto, nafunsa mwini wace wa galimotoyo, nafunsanso amene anampatsa kafupako, kufikira anaima pakhomo pa sing'angayo masana, dzuwa liri pamutu.