Masamu a mivi

Mu 1945, Samuel Eilenberg ndi Saunders Mac Lane anayala maziko a category theory, masamu amene anzawo ankawatcha zamkutu mwanthabwala. Mfundo yake: chinthu usachidziwe pochisegula m'mimba, koma poona mivi yochilumikiza ndi zinzake. Ife omasulira sitidabwa nazo, mawu timawadziwira kwa anansi ake.

Olemba mapulogalamu anachedwa kuwalabadira. Mu 1989 Eugenio Moggi anaonetsa kuti monad ingalongosole zochitika monga kulephera kwa pulogalamu kapena kusintha kwa zosungidwa. Chiyankhulo cha Haskell chinali pa mpanipani: chilandira bwanji zimene munthu walemba popanda kuswa malamulo ake a masamu? Philip Wadler anatengera nzeru ya Moggi kumeneko, ndipo mu 1996 Haskell 1.3 inayamba kuwerenga ndi kulemba kudzera mu monad.