Ng'ombe ikamawefuka

Mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ng'ombe zokoka ngolo zimachoka pa msika wa Mitundu zitayasama, dovu lili chuchuchu, nthiti zikukwera ndi kutsika. Mwini ngolo amati zatentha thupi. Mlimi wa ku Nathenje amanenanso chimodzimodzi thole lake likagona m'khola osadya. Mawu ndi amodzi, koma alangizi a ziweto amamvamo mavuto awiri osiyana.

Ng'ombe yabwinobwino imatentha madigiri pafupifupi 38.5. Dzuwa ndi ntchito zikaikweza, mitsempha ya pakhungu imatakasuka kuti magazi atayire kutentha kunja, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti magaziwo akwanire.  Kuwefuka nakonso si kutopa chabe ayi. Mpweya wothamanga umaumitsa chinyezi cha m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo thupi limazizira. Nkhuku ilibe thukuta, n'chifukwa chake imayasama mlomo mapiko ili tambasu. Ikawefuka nthawi yaitali imataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka, mazira n'kumatuluka ndi zikamba zopyapyala. Nkhumba imathawira m'matope. Ng'ombe zamakolo za linunda zimapirira kuposa za mkaka za Friesian.

Zonsezi mthunzi ndi madzi zimathetsa.

Kutentha kwa matenda n'kwina, chifukwa thupi lenilenilo ndi limene lakweza muyeso wake polimbana ndi tizilombo. M'madera oweta ng'ombe ngati a m'mbali mwa Dzalanyama, choopsa ndi East Coast fever yobwera ndi nkhupakupa. Imayamba ndi mwanabere pansi pa khutu, kutentha n'kupitirira madigiri 40, kenako mapapo amadzaza madzi. Apa ng'ombe siwefuka, imabanika, ndipo pamapeto thovu limatuluka m'mphuno. Katemera wake amapangidwa ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases.

N'zomvetsa chisoni kuti mlimi amataya masiku akudikira kuti kunja kuzizire, chonsecho chiweto chikudwala. Kusiyanitsa sikovuta: ng'ombe yowefuka ndi dzuwa imakhala itapeza bwino pofika m'mamawa, pamene yodwala imadzuka ili chitenthere. Imeneyo ndi yoitanira mlangizi tsiku lomwelo.