Nzeru za Alendo ndi Nzeru za Pakhomo

Madzulo ano tikambe za mbiri ya mzinda wathu, ndi za anthu amene agulitsa nzeru monga ena agulitsa cimanga. Anthuwa ndiwo akatswiri a makampani a uphungu: ojambula mapulani a mizinda, oyesa malo ndi mainjiniya. Boma liwalipira kuti alilangize, ndipo cimene alemba pa pepala ndico cilamula kumene msewu udzapita ndi nyumba imene idzagwetsedwa.

Akuluakulu anati, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'caka ca 1931 Boma la Atsamunda linalandira pulani ya Lusaka kucokera kwa Stanley Adshead, mphunzitsi wamkulu wa University of London, ndipo mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kudza kuno. Kalumo kace kanali kakuthwadi pa misewu yotakata ndi maofesi a Boma, koma Aafirika pulaniyo inawayesa anchito cabe, odzabwerera kumudzi nchito ikatha. Iwo sanabwerere. Nyumba za kansolo, monga za ku Matero, sizinakwanire, motero anthu anadzimangira okha pa mapulazi ndi pafupi ndi mokumba miyala. Kalingalinga, George, Kanyama ndi Chawama anakula opanda mipope ndi opanda ngalande.

Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, Aafirika otsiriza maphunziro a yunivesiti anali ngati 100 okha. Tsono ndani akadatsutsa mlendo akalakwa? Pulani ina yaikulu, ya mu 1975, inalembedwanso ndi alendo, kampani ya Doxiadis Associates ya ku Athens. Komatu akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Kampani ikalandira malipiro ace ipita, ndipo nzeru zimene inatola kuno zipita nayo, kutsala buku la m'kabati.

Cifukwa cace kutsegulidwa kwa Yunivesiti ya Zambia mu 1966 kunali cinthu cacikulu. Inamangidwa pa Great East Road, pafupi ndi Kalingalinga, kotero kuti wophunzira za ngalande angathe kupita ndi miyendo kukaona kumene madzi a mvula aima. Mu 1973 inatsegula sukulu ya za migodi, kuti ana a anthu okumba mkuwa adziwe okha kuyesa mwala ndi kuusungunula. Mu 1975 mainjiniya ace anakhazikitsa cigawo cochedwa TDAU, ca nchito yotengera nzeru za m'kalasi kwa eni makampani ndi amisiri, ndi kupanga makina oyenera kuno, monga oumbira njerwa za dothi.

Pa zaka zomwezo maganizo a Boma pa makomboni anasintha. Ofufuza amene anayenda nyumba ndi nyumba, monga Ann Schlyter wa ku Sweden amene anabwerera ku George kawirikawiri pa zaka zambiri, anaonetsa kuti anthu a m'komboni akonza ndi kukuza nyumba zao pang'onopang'ono akadziwa kuti sizidzagwetsedwa. Mu 1974 kunadza lamulo lozindikira makomboni, ndipo World Bank inabwereketsa ndalama zoikira mipope ndi misewu ku Chawama, George, Chaisa ndi Chipata. Pa nchito imeneyi eni nyumba anayenda pamodzi ndi akatswiri kusankha modzapita msewu, pakuti iwo ndiwo anadziwa malo ao.

Kanyama sanalowe m'nchitoyo. Pansi pace pali mwala wa laimu wa mapanga, ndipo madzi ali pafupi. Cigumula ca mu 1978 cinagwetsa nyumba zambiri, ndipo kolera ya mu 2017 ndi 2018 inasautsa komweko, kumene zimbudzi ndi zitsime zosaya zigawana madzi amodzi.

Phunziro la mbiriyi nali, abale anga. Kampani idziwa kufulumiza nchito ndi kuwerenga mtengo wace. Yunivesiti ikhala pamalo, isunga zimene zapezeka, niphunzitsa ana. Zikapatukana, tilipira kawiri pa nzeru imodzi. Tsono mukaona anthu a zoyesera afika m'komboni mwanu, afunseni mwaulemu: kodi wakutumani ndani, kodi pali ophunzira athu pakati panu, nanga zimene mupeza zidzasungidwa kuti?