Manja a M'magazi

Mwana akadzicheka ndi mpeni posenda chinangwa, amayi ake amamuuza kuti apanikize bala ndi chala mpaka magazi agwirane. Mawu akuti "kugwirana" ndimawakonda kuposa "kuundana". Mafuta ndi amene amaundana akazizira. Magazi amagwiranadi, ndipo ali ndi manja ake.

Manjawo ndi mapuloteni okhala pakhungu la mapulateleti, tizidutswa tothothoka ku maselo akuluakulu a m'mafuta a m'mafupa. M'kadontho ka magazi ka mayikulolita imodzi mumapezeka tizidutswa 150,000 mpaka 450,000, ndipo kalikonse kamakhala ndi moyo masiku 7 mpaka 10. Ambiri amatiyerekeza ndi ulimbo, koma apa mpamene amasokera. Ulimbo susankha, umakola mbalame ndi tsamba lomwe. Mapulateleti akanakhala otero, bwenzi mitsempha yathu itatsekeka kalekale.

Mtsempha ukang'ambika, kolajeni, puloteni yomwe imabisika kuseri kwa khoma lake, amaonekera. Koma magazi amathamanga ngati mtsinje wa m'dzinja, ndiye pulateleti ingaime bwanji? Apa pamabwera von Willebrand factor, puloteni yaitali yomwe imayenda itadzikulunga ngati mpukutu wa chingwe. Ikakodwa pa kolajeni, liwiro la magazi lomwelo ndi limene limaitambasula. Dzanja loyamba la pulateleti, GPIb, limagwira chingwecho n'kuchitaya, kugwiranso n'kutayanso, mpaka pulateleti itachepetsa liwiro. Dzina la chingwechi linachokera kwa Erik von Willebrand, dokotala wa ku Finland yemwe mu 1926 analemba za banja lina la kuzilumba za Åland lomwe ana ake ankatha kufa ndi kutaya magazi.

Dzanja lachiwiri, GPVI, likangokhudza kolajeni limatumiza uthenga mkati. Madokotala amati pulateleti "yadzuka": imasintha maonekedwe, imamera timiyendo, imalavula timankhwala ta ADP ndi thromboxane toitanira anzake. Asipilini amatseka njira ya thromboxane imeneyi.

Chimene chimandigometsa ine ndi dzanja lachitatu, puloteni ya mtundu wa integrin yotchedwa GPIIb/IIIa. Pulateleti imodzi ili nawo manja amenewa pafupifupi 80,000, onse atafumbatidwa ngati chibakera. Fibrinogen, puloteni yomwe manjawo amafuna, ili ponseponse m'magazi, koma amangodutsana osagwirana. Lamulo limachokera mkati: mapuloteni a talin ndi kindlin akakoka mchira wa integrin, chibakeracho chimatambasuka. Fibrinogen ili ndi nsonga ziwiri, motero pulateleti iyi imagwira uku, inzake uko, ndipo mulu umakula. Puloteni ina yotchedwa thrombin ikadula fibrinogen kukhala ulusi wa fibrin, ukonde umalukidwa pamwamba pake.

Ntchito ya manjawa sithera pamenepo. Akagwira ukondewo amaukoka, milomo ya bala n'kuyandikana. Mu 1918, Eduard Glanzmann, dokotala wa ana wa ku Switzerland, anaona ana otuluka kamfuno pafupipafupi pomwe mapulateleti awo anali okwanira. Magazi awo akaikidwa m'kabotolo ankalimba, koma osafinyika. Patapita zaka zambiri, zinadziwika kuti m'matenda otchedwa ndi dzina lake, mapulateleti amakhala alibe dzanja lachitatuli, kapena lilipo koma silitambasuka.